Tiwerenge Masupuni a Shuga M'nyumba Zathu

Mau amene mlembi wa Mvano analankhula pa tsiku la chikumbutso cha bungwe

 Ndithokoze komiti chifukwa chondipatsa mpata uno kuti ndilankhulepo pa nkhani ya shuga. Ine sindine dokotala kapena namwino ai. Ndine mai wa pakhomo monga inu nomwe, ndipo zimene nditi ndinene ndi zimene a zaumoyo amaphunzitsa, koma ndaziika m'mau athu a kukhitchini kuti aliyense apite nazo kwao.

Mwina wina afunsa kuti, kodi pa tsiku la chisangalalo ngati lino nkukambiranji za matenda? Yankho lake mukulidziwa inu amene mumayenda nafe kokaona odwala. Zaka zapitazi takhala tikulowa m'nyumba za anzathu amene maso ao achita khungu asanakalambe, ena ali ndi chilonda cha kuphazi chosapola, ndipo ena anabwerako kuchipatala mwendo utadulidwa. Tikafunsa, timamva mau amodzimodzi akuti ndi shuga. Tsono popeza amene timagula shuga, kuthira m'tiyi ndi kuphika thobwa ndife amai, nkoyenera kuti tidziwe muyeso wake.

Kukula kwa vutoli

Kale tinkati matenda a shuga ndi a anthu olemera a m'tauni, koma lero sitinganenenso choncho. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno. Anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga wokwera, ndipo munthu mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wina anachitika ku Karonga ndi ku Lilongwe kuyambira 2013 mpaka 2016. Kumeneko anapeza kuti amai 44 mwa 100 a m'tauni ndi amai 27 mwa 100 a kumudzi anali onenepa kupitirira muyeso, kuposa azibambo kutali. Anapezanso kuti mwa anthu 10 odwala shuga, anai sanali kudziwa nkomwe kuti akudwala. Amai anzanga, mwa anai amenewo mukhoza kukhala wina wa ife amene tavala bwino lero lino.

Mmene shuga amayendera m'thupi

Chakudya chilichonse chokhutitsa chimene timadya, kaya ndi nsima, mpunga, chinangwa, mbatata kapena buledi, chikafika m'mimba chimagayika nkusanduka shuga amene amalowa m'magazi. Shuga ameneyu ndiye amatipatsa mphamvu zolimira ndi zotungira madzi. Koma kuti achoke m'magazi ndi kulowa m'minofu, pamafunika madzi ena otchedwa insulin amene amapangidwa m'kapamba. Insulin ali ngati kiyi wotsekulira chitseko. Kiyiyo akasowa, kapena loko akachita dzimbiri, shuga amangodzazana m'magazi, ndipo pang'onopang'ono amaononga mitsempha ya m'maso, ya mu impso, ya mumtima ndi ya kumapazi.

Matendawa alipo a mitundu itatu. Mtundu woyamba umagwira kawirikawiri ana ndi achinyamata, pamene kapamba waleka kupanga insulin. Mtundu umenewu subwera chifukwa chodya zotsekemera ai, choncho tisamadzudzule mai amene mwana wake wapezeka nao. Mtundu wachiwiri ndiwo wofala, ndipo umagwira makamaka akuluakulu. Umabwera chifukwa cha zinthu zingapo pamodzi: kumtundu, kukula kwa msinkhu, kunenepa makamaka pamimba, ndi kukhala osagwira ntchito yotulutsa thukuta. Mtundu wachitatu umadza pa nthawi ya pakati, ndipo mai amene anakhalapo nao ayenera kumayezetsa ngakhale atachira, chifukwa mtundu wachiwiri umakonda kumtsatira pambuyo pake.

Tsono musamve ngati ndikuti supuni imodzi ya shuga idwalitsa munthu. Chimene chimaononga ndi kuchulutsa tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Shuga wothira alibe china chopatsa thupi koma mphamvu zokha, ndipo mphamvu zimene sitinazigwiritse ntchito zimasanduka mafuta. Shuga yemweyo ndiye amaoletsa mano a ana athu. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Muyeso wake ndi wotani?

M'chaka cha 2015 bungwe la WHO linapereka malangizo pa nkhani imeneyi. Linati shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku. Kwa munthu wamkulu, awa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masupuni aang'ono 12. Linatinso nkwabwino koposa kutsika mpaka magalamu 25, amene ndi masupuni aang'ono 6. Ana ayenera kulandira wocheperapo, ndipo mwana wosakwana zaka ziwiri asathiridwe shuga m'phala mwake konse.

Supuni imene ndikunena ndi yaing'ono ija ya tiyi, yosalaza pamwamba, imene imanyamula magalamu 4. Supuni yotapa mpaka kuchita kaphiri muiwerenge ngati ziwiri. Supuni yaikulu yodyera phala muiwerenge ngati zitatu.

Pa muyeso umenewu amawerengera shuga wa m'paketi, uchi, madzi a nzimbe, madzi ofinya a zipatso, zakumwa za m'mabotolo, maswiti, mabisiketi, jamu ndi makeke. Sawerengerapo chipatso chodya chathunthu monga papaya, gwafa kapena lalanje, ndiponso sawerengerapo mkaka wosathira kanthu. Ena amati shuga wofiirira ndiye wabwino kuposa woyera. Ai, m'thupi onsewo ndi amodzi. Enanso amati uchi ulibe vuto popeza ndi wachilengedwe. Uchi ndi chakudya chabwino ndithu, koma nawo ndi shuga, ndipo mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi.

Tiyerekeze tsiku limodzi

Tiyeni titenge mai mmodzi wongoyerekeza, ndipo inu muziwerenga ndi zala. Mmawa wamwa makapu awiri a tiyi, kapu iliyonse masupuni atatu. Apo ndi 6, ndipo muyeso wabwino uja watha kale dzuwa lisanakwere. Wadyako phala la ana lothira masupuni awiri, apo ndi 8. Masana wapita kumsika ku Liwonde, dzuwa laswa mtengo monga mudziwira kutentha kwa kuno kwathu, ndipo wagula botolo la zoziziritsa kukhosi. Zakumwa zambiri zoterezi zimakhala ndi magalamu 10 kapena kupitirirapo pa 100 ml iliyonse, motero botolo la 300 ml lili ndi masupuni 7 kapena 8. Apo tafika pa 16. Madzulo kwabwera mlendo, amwera limodzi tiyi wa masupuni atatu. Onse pamodzi ndi 19, ndipo sitinawerengere mandasi, thobwa ndi mtsitsi wa nzimbe umene anatafuna panjira.

Mai ameneyu mukamfunsa adzakuuzani kuti iye sakonda zotsekemera. Sakunama ai, koma sanawerengepo. Masupuni 19 pa tsiku, pakutha pa chaka ndi mapaketi a kilogalamu imodzi oposa 27, munthu mmodzi yekha. Akanasunga muyeso wa masupuni 6, akanadya mapaketi 9 okha. Taganizani za ndalama ya mapaketi 18 otsalawo, kuti ikanagula makope angati a ana a sukulu.

Njira zinai zowerengera

Njira yoyamba ndi ya kope. Tengani kope la ana a sukulu, mulembe mizere inai. Mzere woyamba mulembe tsiku, wachiwiri nthawi, wachitatu chimene mwadya kapena kumwa, wachinai masupuni a shuga. Lembani nthawi yomweyo mukangotha kudya, chifukwa mukadikira madzulo mtima umaiwala dala zina. Mlungu woyamba musasinthe kanthu, ingolembani zoona zokhazokha kuti mudziwe pamene muli. Lamulungu madzulo muonkhetse. Inu nomwe mudzaona kuti shuga wanu wambiri akulowera pati, kaya m'tiyi, kaya m'thobwa, kaya m'zakumwa za kumsika.

Njira yachiwiri ndi ya amai amene sanapite kusukulu kapena maso avuta. Tengani njere 6 za chimanga kapena za nyemba mumange kunsonga ya chitenje mmawa. Mukathira supuni imodzi, chotsani njere imodzi. Njere zikatha, shuga wa tsiku limenelo watha. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi limatenga njere zonse 6 nkukhalanso ndi ngongole ya mawa.

Njira yachitatu ndi ya kabotolo. Mmawa yezani masupuni anu a tsikulo muike m'kabotolo kotseka, ndipo paketi muibise m'kabati. Tiyi, phala, zonse zizichokera m'kabotolo momwemo. Njira imeneyi ndi yabwino kwa azibambo ndi agogo amene sakonda kufunsidwafunsidwa.

Njira yachinai ndi ya banja lonse, ndipo ndi yosavuta kuposa zonse. Paketi ya kilogalamu imodzi ili ndi masupuni aang'ono 250. Tsiku limene mwaitsekula, lembani pa kalendala, ndipo tsiku limene yatha mulembenso. Ngati pakhomo muli anthu 6, ndipo aliyense akudya masupuni 6, paketiyo iyenera kutha mlungu wathunthu. Ikatha pa masiku atatu kapena anai, dziwani kuti mwafika kale pa malire a masupuni 12, musanawerengere zakumwa ndi zina zogula kunja.

Inu amene mumatha kuwerenga Chingerezi, kapena muli ndi ana a sukulu, muziona pa chikalata cha botolo kapena cha paketi. Pamakhala mau akuti sugars ndi nambala ya magalamu. Nambalayo muigawe ndi 4, ndipo mupeza masupuni. Koma chenjerani, kawirikawiri nambalayo imakhala ya 100 ml yokha, osati ya botolo lonse.

Kuchepetsa kwake

Musasiye lero ndi lero, chifukwa mudzalephera nkubwerera pomwe munali. Ngati mumathira masupuni anai, thirani atatu kwa milungu iwiri, kenaka awiri, kenaka imodzi. Lilime limazolowera. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, tiyi wa masupuni anai uja adzayamba kukulakani. Kuona maso a nkhono nkudekha.

M'tiyi mukhoza kuikamo mandimu, jinja kapena udzu wonunkhira uja wa mandimu kuti akome popanda shuga wambiri. Phala la mgaiwa likoma ndi nsinjiro kapena nthochi yakupsa yokanya. Thobwa la chimera chabwino cha mawere kapena cha mapira limatsekemera lokha, chifukwa chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga, tsono kuthiramonso theka la paketi ndi kusenzetsa mtolo pamwamba pa mtolo. Anzathu a ku Balaka kuli malambe ndi bwemba wambiri. Madzi a malambe ndi abwino, koma chifukwa cha kuwawasa kwake timathiramo shuga wosayeza, choncho nawonso alowe m'kope. Sobo tizimsungunula ndi madzi ambiri, ndipo akhale wa pa tsiku la alendo, osati wa tsiku ndi tsiku. Ludzu likatigwira, mankhwala ake ndi madzi.

Pa ana ndiye tisamale kwambiri, pakuti mmera mpoyamba. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Tileke kutonthoza mwana wolira ndi switi, ndiponso tileke kumlonjeza Fanta akakhoza mayeso. Popita kusukulu tingampatse mbatata yootcha, chimanga chophika, mtedza kapena chipatso m'malo mwa ndalama yogulira zoumitsa zamitundumitundu za m'timapepala zija. Azitsuka mano mmawa ndi pogona. Agogo, ndikupemphani mwaulemu, chikondi chanu pa zidzukulu chisamathere m'paketi ya shuga.

Wina anena kuti, nanga si shuga wathu ali ndi vitamini A? Nzoona. Shuga wa kuno amachokera makamaka ku Nchalo m'boma la Chikwawa, kumene fakitale inayamba mu 1966, ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, kumene inayamba mu 1979, ndipo kuyambira mu 2012 anayamba kumuikamo vitamini A kuti ana asadwale maso. Chimenecho ndi chinthu chabwino, ndipo pogula tizisankha shuga woteroyo. Koma sichifukwa chochulutsira ai. Vitamini A yemweyo ali mu mbatata yofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, m'maungu, m'papaya, m'mango ndi m'masamba obiriwira. Kumbukiraninso chaka cha 2024 pamene shuga anasowa m'masitolo ndipo anthu anaima pa mizere. Mabanja ambiri anamwa tiyi wa supuni imodzi kapena wopanda kanthu, ndipo panalibe amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha chimenecho.

Mbale yonse, osati shuga yekha

Kope lija lisakhale la shuga yekha. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Kumapeto kwa tsiku muzichonga magulu amene banja ladya. Kuno kwathu Mulungu anatidalitsa. Tili ndi matemba ndi milamba ya ku Chilwa ndi ku Chiuta, nsomba za ku Malombe ndi mu Shire, nandolo, khobwe, nzama ndi mtedza, komanso bonongwe, chisoso, therere, nkhwani ndi kholowa zimene sizifuna ndalama.

Pogawa chakudya, theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, gawo lina nsomba kapena nyemba, ndipo nsima ikhale yofanana ndi chibakera chanu. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, chifukwa gaga amene timapatsa nkhuku uja ndiye amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Koma ngakhale mgaiwa, mitanda isanu ndi mitanda isanu basi. Mpunga woyera wa ku Domasi ndi wokoma, koma umakweza shuga msanga, motero tiziudya pang'ono ndi ndiwo zambiri. Mchere usapose supuni imodzi yaing'ono pa munthu pa tsiku, chifukwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayenda ngati mapasa. Thupi nalo lizigwira ntchito. A zaumoyo amati mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa mlungu. Amene timalima ndi kusinja timakwanitsa kale, koma amene timakhala pa okala, pa makina osokera kapena mu ofesi tsiku lonse, tiziyenda pansi m'malo mokwera kabaza pa mtunda waufupi.

Pali chinthu china chimene chimatimanga ife amai. Kwathu kuno mai akanenepa timati abambo akumsamala, ndipo akaonda timayamba kunong'onezana kuti wadwala matenda aja. Chifukwa cha manong'onong'o amenewa, amai ena amene adokotala anawauza kuti achepetse thupi amaopa kutero. Amai anzanga, pakamwa pathu pasaphe mnzathu. Mukaona wina wachepetsa thupi, musafulumire kumweruza. Mwina akungosunga lamulo la kuchipatala.

Kwa amene anapezeka kale ndi shuga

Zizindikiro zake ndi izi: ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi makamaka usiku, kuonda ngakhale ukudya, kutopa, kuona mwachimbuuzi, dzanzi kapena kutentha kumapazi, zilonda zosapola, ndi kuyabwa kumalo obisika kobwerezabwereza. Ena amaona nyerere zikuunjikana pamene ataya madzi. Koma ambiri sakhala ndi chizindikiro chilichonse kwa zaka, nchifukwa chake kuyezetsa nkofunika. Amangobaya chala nkutenga kadontho ka magazi. Ngati munthu wayezedwa mmawa asanadye ndipo nambala yafika 126 pa makina ena, kapena 7 pa makina a mtundu wina, adokotala amayezanso kuti atsimikize. Pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde ndi pa chipatala cha boma ku Balaka amayeza, ndipo mukhoza kufunsanso pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu. Amene mwapitirira zaka 40, amene muli onenepa, amene kwanu kuli wodwala shuga, ndi amene munaberekapo mwana wolemera kuposa makilogalamu 4, musazengereze.

Matendawa si ufiti ai, ndipo sapatsirana. Sachiritsika kutheratu, koma munthu akhoza kukhala nao zaka zambiri ali wamphamvu. Kale mwana wopezeka ndi mtundu woyamba uja sanali kukhala nthawi yaitali. Koma m'chaka cha 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anapeza njira yotengera insulin, ndipo mu Januwale 1922 wodwala woyamba analandira jakisoni. Ndicho chifukwa chake dziko lonse limakumbukira matenda a shuga pa 14 Novembala, tsiku limene Banting anabadwa. Kuno kwathu kulinso bungwe la odwala matendawa la Diabetes Association of Malawi.

Tsono inu amene mukumwa metformin kapena glibenclamide, kapena mukubaya insulin, musasiye mankhwala chifukwa chakuti mwapezako bwino, kapena chifukwa wina wakugulitsani mizu ndi ufa wa masamba nanena kuti zichotsa shuga yense. Tizipemphererana ndithu, koma mankhwala tikumwa. Muyeso wanu wa chakudya akuuzeni ndi adokotala, chifukwa masupuni 6 aja ndi a anthu amene sakudwala. Kope lanu la zakudya muzipita nalo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala kuti akaone. Nyengo ya mango ikafika, idyani limodzi laling'ono, osati beseni. Mapazi muziwaona tsiku lililonse, muziwapukuta bwino pakati pa zala, ndipo musayende opanda nsapato, chifukwa munga ukhoza kukubayani inu osamva.

Pali chinthu chimodzi chimene aliyense m'banja ayenera kudziwa, chifukwa chimapulumutsa moyo. Munthu amene akubaya insulin kapena kumwa glibenclamide, akadumphitsa chakudya kapena akagwira ntchito yolemetsa, shuga wake akhoza kutsika kwambiri. Amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, amamva njala yoopsa, ndipo amalankhula zosokonekera ngati woledzera. Pamenepo shuga ndiye mankhwala. Msungunulireni masupuni atatu kapena anai m'madzi amwe, ndipo akatsitsimuka adye chakudya. Ngati wakomoka musamthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Mpakeni shuga pang'ono mkati mwa tsaya, mumgoneke chammbali, ndi kuthamangira naye kuchipatala. Choncho wodwala aziyenda ndi maswiti angapo m'thumba. Pa chifukwa chomwechi, wodwala shuga asayambe kusala kudya asanafunse adokotala, kaya ndi ife pa mapemphero athu, kaya ndi anansi athu achisilamu pa mwezi wa Ramadhani. Mau amenewa mukagawane nao anansi athuwo, pakuti timatunga pa mjigo umodzi ndipo matenda sasankha chipembedzo.

Zimene ndikupempha bungwe

Mutu umodzi susenza denga. Mai mmodzi payekha akhoza kuyamba bwino nkufooka, koma tikagwirizana zitheka. Choncho ndikuika pamaso panu mfundo zisanu kuti komiti ikaziganizire.

Choyamba, pa misonkhano yathu ya Lachinai ndi pa maphwando, tileke kuthira shuga mumphika wa tiyi. Shuga aziikidwa pambali ndi supuni yaing'ono kuti aliyense adzithirire yekha, ndipo odwala amwe nao mosaopa.

Chachiwiri, pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa maliro pamene ife tikuphika, pazikhala ndowa ya madzi abwino akumwa ndi mtsuko umodzi wa thobwa losathira shuga. Mlendo akakana botolo la zoziziritsa kukhosi tisamkakamize, ndipo tisamuyese wonyada.

Chachitatu, popita kokaona odwala tiziyamba tafunsa matenda ao. Mwambo wathu ndi kunyamula paketi ya shuga, buledi ndi Sobo. Kwa wodwala shuga tinyamule mazira, nsomba, nyemba, mtedza, ufa wa mgaiwa kapena sopo.

Chachinai, mai aliyense asunge kope kapena njere zake kwa mwezi umodzi, ndipo tizikhala awiriawiri kukumbutsana. Pakutha pa mweziwo tidzakambirane zimene tapeza, popanda kusekana kapena kuchititsana manyazi.

Chachisanu, komiti ipemphe a zaumoyo a kufupi nafe kuti chaka chilichonse m'mwezi wa Novembala adzatiphunzitse ndi kutiyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo tsiku limenelo tidzabwere ndi amuna athu.

Azibambo amene muli pano, inunso nkhaniyi ikukukhudzani. Amai akachepetsa shuga m'tiyi musati ayamba kuumira, ndipo akaphika mgaiwa musakankhe mbale. Akufuna kuti mukhale nao nthawi yaitali, muone zidzukulu zikukwatiwa muli ndi maso anu ndi miyendo yanu yonse iwiri.

Amai anzanga, supuni ndi kanthu kakang'ono, koma ili m'manja mwathu katatu kapena kanai pa tsiku. Mawa mmawa poika madzi a tiyi pamoto, yambani kuwerenga.